Pampu yongoyaka ndi kuzima siifunika PID

Bambo wina amene amayang'anira pampu yopopera madzi kuchokera m'chitsime chakuya kupita m'thanki ya pasukulu wandilembera imelo, kudandaula kuti pampuyo imayaka ndi kuzima kangapo pa mphindi zochepa. Akufunsa ngati angagule chipangizo cha PID, chowongolera makina powonjezera kapena kuchepetsa mphamvu pang'onopang'ono, chomwe anamva kuti mainjiniya amachidalira.

Bambo, ndalama zanu sungani. PID imathandiza pa zinthu zofunika kusinthidwa pang'onopang'ono mosalekeza, monga kutentha kwa ng'anjo, pamene pampu yanu imadziwa ziwiri zokha, kuyaka kapena kuzima, ndipo imasintha pokhapokha china chake chikachitika. Ndikuganiza kuti swichi yanu yoyandama ili ndi malire amodzi, moti madzi akangotsika pang'ono imayatsa, akangokwera pang'ono imazimitsa. Zimenezi zimapha mota msanga, chifukwa ikamayamba kuzungulira imakoka magetsi ochuluka kasanu kapena kuposerapo poyerekeza ndi pamene ikuyenda. Ikani malire awiri otalikirana, kuti pampu iziyaka madzi akafika chapansi ndi kuzima thanki ikatsala pang'ono kusefukira. Mpata umenewu akatswiri amautcha hysteresis.

Chachikulu koposa chili m'maganizo amene akatswiri a kayendetsedwe ka makina, Peter Ramadge ndi Murray Wonham, anafalitsa mu 1987, pa ntchito yomwe anaiyambira ku yunivesite ya Toronto. Iwo anagawa zochitika m'magulu awiri: zomwe chipangizo choyang'anira chingathe kuletsa, ndi zomwe sichingathe. Kuyatsa pampu mungakuletse, koma kuthima kwa magetsi, kuphwa kwa chitsime m'chilimwe, ngakhale ana kusiya mpopi wotsegula, zimabwera osagogoda. Choncho tengani pepala, lembani mikhalidwe yonse yomwe pampu ingapezekemo, ndipo paliponse dzifunseni ngati chochitika chosaletseka chingaifikitse pangozi. Ngati chingatero, letsani sitepe yofikitsa pampu mumkhalidwe umenewo isanachitike.

Ngozi yomwe ambiri amaiwala ndi ya pampu yomizidwa kuyenda popanda madzi, pomwe madzi omwewo ndi amene amaiziziritsa. Ikani sensa m'chitsime yoti iziletsa pampu kuyaka madzi akatsika, komanso magetsi akabwerera pampuyo idikire mphindi zingapo kuti akhazikike. Pa zonsezi PLC, kakompyuta koyendetsa makina, siyofunika kwenikweni. Marileyi (maswichi oyendetsedwa ndi magetsi) awiri kapena atatu ndi tayima imodzi zikwanira.