Kuphana kwa Asunni ndi Ashia: ndani amasonkhezera motowu?

Achimwene, mwafunsa kuti zimatheka bwanji kuti Asunni ndi Ashia aziphana pomwe onse amawerenga Qur'an imodzi, poswali amayang'ananso ku Makka komweko. Ambiri amangoyankha kuti ndi udani wa makedzana. Yankho limeneli limandipweteka, chifukwa limachotsera mlandu anthu amene akupindula ndi mwaziwu.

Kusiyana kulipodi. Kudayamba Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) atamwalira mu 632, pa nkhani ya woyenera kutsogolera Asilamu, ndipo kuphedwa kwa mdzukulu wake Husayn ku Karbala mu 680 kudasiya bala lalikulu. Komabe ku Baghdad anthu a mbali ziwirizi ankakwatirana, kugulana malonda, kulirirana maliro.

Zinthu zidafika poipa kuyambira 1979, pamene Ayatollah Khomeini adagwetsa ufumu wa Shah ku Iran, dziko la Ashia ambiri, n'kumalimbikitsa Asilamu a kwina kuti nawonso achotse mafumu awo. Banja lachifumu la Saudi Arabia, lomwe ndi la Asunni, lidachita mantha. Lidathira ndalama za mafuta m'mizikiti, m'masukulu ndi m'mabuku m'maiko ambiri, ndipo ena mwa mabukuwo ankaphunzitsa kuti Ashia ndi osochera. Iran nayo idayamba kupereka zida kwa magulu a Ashia ngati Hezbollah ku Lebanon.

Taonani za ku Iraq. Amerika atachotsa Saddam Hussein mu 2003 adathetsanso gulu lonse la asilikali, amuna odziwa mfuti n'kukhala pakhomo opanda malipiro. Boma lidalibe mphamvu, ndiye aliyense adathawira kwa amene akanamuteteza. Mu February 2006 zigawenga zidaphulitsa mzikiti wa al-Askari ku Samarra, umene Ashia amaulemekeza kwambiri. Zitatero ku Baghdad kudaopsa. Anyamata amfuti ankatchinga msewu n'kuitanitsa chiphaso, ndipo dzina lokha, monga Omar lomwe limadziwika kuti ndi la Asunni, linkakwanira kuti munthu atsitsidwe m'galimoto osabwereranso kwawo. Ena adafika poyenda ndi ziphaso ziwiri. Mabanja amene adakhala moyandikana zaka zambiri adasamuka, madera n'kugawidwa ndi makoma a simenti. Mashehe amene ankatcha Msilamu mnzawo kafiri ali ndi mlandu wawo pamenepa, sindikuwaikira kumbuyo ayi.

Koma nkhani ya ku Yemen ndiyo imaulula zonse. A Houthi, gulu lankhondo la kumeneko, ndi ochokera kwa Azaydi, nthambi ya Ashia imene inkaswali mumzikiti umodzi ndi Asunni popanda vuto. M'zaka za m'ma 1960 Saudi Arabia inkathandiza Imam, mtsogoleri wa Azaydi omwewo, polimbana ndi asilikali a Egypt, dziko la Asunni. Pofika 2015 Saudi yomweyo idayamba kuponya mabomba pa a Houthi, ati ndi dzanja la Iran. Azaydi sadasinthe chikhulupiriro. Amene adasintha ndi mdani amene Saudi inkamuopa. Iran nayo yakhala ikuthandiza gulu la Hamas la ku Palestine, amene ndi Asunni, pomwe Saudi mu 2017 idatsekera malire Qatar, Asunni anzake.

Mu January 2016 Saudi idapha Shehe Nimr al-Nimr, mlaliki wa Ashia, anthu olusa n'kutentha ofesi ya kazembe wa Saudi ku Tehran, likulu la Iran, ubale wa maiko awiriwa n'kutha. Mu March 2023 akuluakulu a maiko awiriwa adakumana ku Beijing, China ili mkhalapakati, ndipo adagwirizana zotsegulanso maofesi a akazembe. Adakambirana za chitetezo ndi zoleka kulowererana m'zochitika za m'maiko awo. Pa tebulo limenelo panalibe shehe woweruza za chikhulupiriro.