Funsani Azakhali: Mwana wanga akuti nsima imakwiya

FUNSO

Azakhali, ndili ndi ana awiri, wamkazi wa zaka 5 ndi wamwamuna wa zaka 9. Wamng'onoyu sachoka pamoto. Phala la nsima likamathakatha amati, "Amayi, nsima yakwiya, ipepeseni." Amakhulupirira kuti utsi ndi umene umapsetsa ndiwo, moti moto ukayaka bwino amadandaula kuti lero tigona ndi njala. Tsiku lina ndinamupeza atakwirira tchipisi kuseri kwa nyumba akuthirira, ati zimere ngati za pa Lizulu. Mchimwene wakeyo akufuna kuphunzira kuphika, koma apongozi anga akuti mwana wamwamuna sagwira mthiko. Kodi ndiwayambitse kapena achepa? Ndikuopa moto.

Mayi wa ku Bembeke, Dedza

YANKHO

Mayi, mwana wanuyo ali ndi maso. Kuti aganize zodzala tchipisi, ndiye kuti anaona kachewere akukwiriridwa m'munda n'kumera, ndipo kwanu ku Bembeke kachewere ndi wosasowa. Chimene sanadziwe n'chakuti chokazinga sichimeranso. Mupatseni kachewere mmodzi wophukira, adzale pomwepo kuseri kwa nyumba, azithirira yekha. Tsiku lokumba mudzatsuke limodzi. Za utsizo, muyandikitseni dzanja chapatali ndi mbaula ya makala imene ilibe utsi, amve kutentha, ndipo mumuuze kuti kutenthako n'kumene kumapsetsa.

Koma zoti nsima yakwiya musamutsutse msanga, chifukwa akunena zoona pang'ono. Phala likamathakatha limalumpha, ndipo likagwera pakhungu limamatirira n'kuwotcha kwambiri. Mwana amene amaliopa ali pabwino kuposa amene amasuzumira mumphika.

Ife tinaphunzira kumasanje. Anthu akakolola, tinkamanga timisasa ta mapesi, kukunkha chimanga chotsala m'munda, kupempha kamchere kunyumba, n'kumaphika m'timiphika pa mafuwa athu. Akuluakulu ankalawa nsima yathu yamibulu osatinyoza. Masiku ano masanje akusowa, ndiye sukuluyo yatsala m'manja mwanu.

Wa zaka 5 asayandikire moto ndi mpeni. Ntchito zomuyenera zilipo zambiri: kusankha nyemba, kutsuka tomato, kusadzula nkhwani, kusefa nsinjiro, kukubweretserani chipande. Ayambe wasamba m'manja ndi sopo nthawi zonse. Pamene mukugwira ntchito muzimuuza mayina a zinthu ndi chifukwa chake, monga zoti therere timathira chidulo kuti lifewe. Ana amakonda kudya ndiwo zimene athandiza kukonza, ngakhale chisoso chimene dzulo lake ankakana.

Wa zaka 9 uja wafika poyamba, inu muli pompo. Ayambe ndi tiyi, kuwiritsa mbatata, kenako phala. Nsima ibwere pambuyo, ndipo mumphika waung'ono, poti kuvundula kumafuna mkono. Mumuonetse kuti ufa woyamba timathira madzi atangofunda, asanawire, chifukwa m'madzi owira ufa umapsa kunja mkati muli mouma, ndiye mibuluyo. Phala lithakathe mokwanira asanawonjezere ufa, apo ayi nsima imatuluka yaiwisi. Inu muzigwira mphika, iye azivundula. Mtanda wake woyamba ukhala wopindika, koma muupereke kwa bambo ake adye.

Kwa apongozi pitani mwaulemu, osati mokangana. Afunseni kuti, "Amayi, mdzukulu wanuyu akadzapita kusekondale yodziphikira, kapena ine ndikagona m'chipatala, adzadya chiyani?" Akumbutseni kuti amene amakazinga tchipisi pa Lizulu ndi pa Tsangano ambiri ndi anyamata, ndipo akudyetsa mabanja awo ndi chiwaya. Ine ndikadakhala inu ndikadawapempha agogowo kuti amuphunzitse okha kutendera mpiru. Agogo akapatsidwa udindo wophunzitsa, kawirikawiri mtima umafewa.

Mantha anu a moto ndi oyenera, makamaka mu Juni ndi Julaye pamene Dedza yazizira ndipo ana amaunjikana pambaula. Chogwirira cha poto chiziloza kumbali kumene kulibe ana. Madzi otentha ndi mafuta owira musasiye pansi. Mwana asaphike atavala chitenje cholendewera kapena zovala za nayiloni, ndipo mwana wodwala khunyu asakhale pamoto yekha ngakhale kamphindi.

Ngozi ikachitika, thirani madzi ozizira aukhondo pamalo opsawo kwa mphindi 20, mwana yense mutamufunditsa kuti asazizidwe. Musapake mankhwala otsukira mano, dzira, mafuta ophikira kapena ufa, ndipo matuza musawaboole. Chovala chikamatirira pabala musachikoke. Phimbani ndi nsalu yoyera. Ngati bala ndi lalikulu, kapena lili kumaso, m'manja, m'malo opindika ngati pabondo kapena kumalo obisika, thamangirani naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Azakhali