Kwa mayi amene akupita ku London ndi thumba lopepuka

Mayi, mwafunsa kuti popeza mukupita ku London kukaonerera mwana wanu akulandira digiri, mungaone bwanji malo otchuka ndiponso kugulira abale a kuno ku Chipata mphatso, pamene makwacha anu akasinthidwa akusanduka mapaundi owerengeka. Malangizo anga ndi akuti ndalama zanu zisathere pa matikiti olowera, chifukwa nyumba zikuluzikulu zosungiramo zinthu zakale mumzindawo sizilipiritsa pakhomo.

Ku British Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1759, mumalowa ulere, koma musayese kuona zonse tsiku limodzi, mungatupe miyendo pachabe. Lunjikani ku chipinda nambala 25 cha zinthu za ku Africa, kumene kuli ziboliboli zamkuwa zimene asilikali a Britain analanda mumzinda wa Benin, womwe lero uli m'dziko la Nigeria, mu 1897. Natural History Museum nayonso ndi yaulere, ndipo ife a ku Zambia imatikhudza kwambiri, pakuti ndiko kumasungidwa chigaza cha munthu wakale chimene chinafukulidwa mumgodi wa ku Kabwe mu 1921, chomwe boma lathu lakhala likupempha kuti chibwerere kwathu. Ku tchalitchi cha Westminster Abbey, kumene kunaikidwa thupi la David Livingstone mu 1874 mtima wake utatsala kwa Chitambo, tikiti ya alendo ndi yodula, koma wobwera kudzapemphera salipira. Pitani ku mapemphero amadzulo mukamve kwaya, ngakhale kuti panthawiyo simudzaloledwa kuyendayenda m'tchalitchimo. Tower of London, linga lakale la mafumu komwe kulowa ndi kolipira, muione muli panja, pokhapokha ngati mwana wanu wadzipereka kukulipirirani.

Chimene chimadya ndalama mwakachetechete ndi mayendedwe ndi chakudya. Mabasi a kumeneko salandira ndalama zapamanja, choncho mugule khadi yolipirira ulendo yotchedwa Oyster mukangofika. Basi ndi yotchipa kuposa sitima yapansi panthaka, ndipo mukakwera basi ina ola lisanathe simulipiranso. Basi nambala 15 imachoka pa bwalo la Trafalgar Square, imadutsa pa tchalitchi cha St Paul's mpaka ku Tower of London, ndipo mukakhala pampando wakutsogolo m'chipinda chapamwamba mumaona misewu yomwe ena amalipira ndalama zambiri kuti aione ali m'mabasi a alendo. Nyamulani kamba kuchokera kunyumba komwe mukugona ndi botolo la madzi apampopi, omwe ndi abwino kumwa. Mukalakalaka nsima, ufa ndi nsomba zouma zimapezeka pamsika wa Brixton kapena ku Peckham.

Pa zogula ndikupemphani kuti mudzigwire mtima. Tizikumbutso togulitsidwa pafupi ndi malo otchuka timakwera mtengo popanda chifukwa. Zovala za adzukulu mukagule ku sitolo ya Primark, ndipo majekete a nyengo yozizira mukayang'ane m'masitolo a mabungwe achifundo otchedwa charity shop, omwe ndi salaula yemweyo wa pa Kapata, kungoti mitengo ndi yolembedwa ndipo sanenerera. Musawerengere zobwezeredwa msonkho wa VAT pabwalo la ndege, chifukwa dongosolo limeneli linatha mu Januwale 2021. Lembani mayina a olandira mphatso musananyamuke, mugule m'masiku omaliza, ndipo muyeze sutikesi pasikelo muli kunyumba, chifukwa makampani ambiri a ndege amalola makilogalamu 23 pa chikwama chimodzi, ndipo chindapusa cha katundu wopitirira chingathe kuposa mtengo wa zimene mwagulazo.