Mnzako wa ku Curaçao akaferedwa

Mdzukulu wanga, walemba kuti ku Rotterdam, mzinda wa ku Netherlands komwe ukuphunzira, uli ndi mnzako wa ku Curaçao, chilumba cha m'nyanja ya Caribbean, ndipo mayi ake amwalira. Wapeza pa foni kuti m'chinenero chawo, Papiamentu, kufa amati "muri". Ukufunsa ngati ndiwo mawu okamupepesa nawo.

Foniyo sinakunamize. "Muri" ndi mwana wa "morir" wa Chisipanishi, mbale wake wa "morrer" wa Chipwitikizi, ndipo onsewa gogo wawo ndi "mori" wa Chilatini. Papiamentu chimakonda kudula "r" wakumapeto, n'chifukwa chake "comer", kudya, anasanduka "kome". Koma taona izi: wakufa amamuti "morto", ngati Apwitikizi, pamene Asipanishi amamuti "muerto". Papiamentu chinakula pa chilumba cha Curaçao chomwe Adatchi analanda mu 1634 n'kuchisandutsa msika wa akapolo ochokera ku Africa, ndipo ukapolowo unatha mu 1863. Anthu obedwa kwawo anatola mawu m'kamwa mwa owagula, n'kuliramo maliro awoawo. Ine ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa.

Komatu "muri" ndi mawu osavala. Kodi iwe ungaime pakhomo la anamfedwa n'kunena kuti mayi ako afa? Imafa ndi nkhuku. Munthu amamwalira, amatisiya, amatsikira kulichete. Anzathu a ku Curaçao ndi zilumba zoyandikana za Aruba ndi Bonaire nawonso amadziwa kuwaveka mawu. Ali ndi "fayesé", wochokera ku "fallecer" wa Chisipanishi, amene amamveka m'zidziwitso za maliro. Ali ndi "a bai sosegá", kutanthauza kuti apita kukapuma, ndipo "sosegá na pas" ndi uja ife timati ause mumtendere. Tenga amenewa. Lilime likapunthwa usachite manyazi, iye amva kuti wayesetsa.

Chondidetsa nkhawa n'chakuti ana inu mumapepesa ndi chala pa WhatsApp basi. Kwawoko kuli mwambo wa "ocho dia", masiku 8 a mapemphero maliro akaikidwa, pomwe abale ndi anansi amasonkhana kunyumba, ambiri akupemphera kolona. Mnzakoyo ali kutali ndi zonsezo, kutsidya kwa nyanja. Pita kuchipinda kwake, utenge chakudya chophikaphika, ukhale naye pansi. Akayamba kukamba za mayi ake, foni ikhale m'thumba.