Kwa mlembi amene wasiya kulemba atafika ku Johannesburg

Ndalandira imelo kuchokera kwa mnyamata wa ku Malawi amene wandipempha kuti ndisatchule dzina lake, ndipo pempholo ndilisunga. Iye ndi mlembi wa ndakatulo ndi nkhani zopeka, ndi mwamuna wokonda amuna anzake, ndipo anasamukira ku Johannesburg chaka chatha atatopa ndi moyo wobisala ku Blantyre. Akuti ali kwawo ankalemba pafupifupi usiku uliwonse, mwamantha, n'kumabisa makope ake pansi pa matiresi, koma chifikireni kumalo kumene angathe kuyenda ndi bwenzi lake popanda kuopa apolisi, sanamalizepo ngakhale nkhani imodzi. Akufunsa ngati luso lake linali mantha chabe, ndiponso ngati ayenera kusiya za kumudzi n'kuyamba kulemba za Johannesburg m'Chingerezi.

Achimwene, sindikhulupirira kuti luso lanu linali mantha. Mmene ndikuonera ine, mwataya zinthu ziwiri nthawi imodzi, koma mwazindikirapo chimodzi chokha. Mantha achepa, zomwe n'zabwino, koma pamodzi ndi manthawo mwasiyanso malankhulidwe amene ankadyetsa zolemba zanu tsiku ndi tsiku: mkangano wa kondakitala ndi mayi wa dengu la tomato m'minibasi ya ku Ndirande, malonje a azakhali anu akabwera kuchokera kumudzi, nyimbo za pasiwa, ndiponso mmene mkulu wa mpingo amazungulirira nkhani yovuta asanaitchule. Munthu wokhala mobisala amaphunzira kutchera khutu kuposa anzake, chifukwa mtendere wake umadalira kudziwa amene wayamba kumukayikira, ndipo khutu lomwelo ndi limene linkakupatsani zolemba. Ku Johannesburg khutulo latanganidwa ndi ntchito ina, yomva Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi cha m'mataxi, kuti musasochere komanso kuti musadziwike msanga kuti ndinu wobwera.

Moyo wa James Baldwin, mlembi wakuda wa ku America, umandithandiza kuganizira vuto lanu, chifukwa iye anadutsa momwemo ndipo anafotokoza yekha zimene zinamuchitikira. Anabadwira ku Harlem, mumzinda wa New York, mu 1924, ndipo ali mnyamata ankalalikira mu mpingo wa chipentekoste. Mu Novembala 1948, ali ndi zaka 24, anapita ku Paris ali ndi madola 40 okha m'thumba. Ankathawa tsankho limene anthu akuda ankakumana nalo ku America, ndipo ankafunanso malo oti angakonde amuna anzake kutali ndi maso a anthu amene anamulera. Ufulu umenewo anaupezadi, koma buku silinabwere nawo. Zaka zake zoyambirira ku Paris zinali za njala, ngongole, matenda ndi kusamukasamuka m'mahotela otsika mtengo, moti mu Disembala 1949 anakhala m'ndende masiku 8 pa mlandu wa nsalu ya pabedi imene mnzake anaitenga ku hotela ina n'kumubwereka. Analembako nkhani zingapo za m'magazini, koma buku limene analiyamba ali ku America linakhala losatha kwa zaka zitatu, ngakhale kuti anali mumzinda umene aliyense ankautama kuti ndi kwawo kwa alembi.

Bukulo linakathera kwina. M'nyengo yachisanu ya 1951 kulowa mu 1952, bwenzi lake Lucien Happersberger anamutengera ku Loèche-les-Bains, kamudzi ka m'mapiri a Switzerland, kumene anthu ambiri anali asanaonepo munthu wakuda. Baldwin ananyamula taipilaita ndi malekodi awiri a Bessie Smith, woimba nyimbo za blues amene iye sankamumvera ali kwawo. Pambuyo pake analemba kuti mawu ndi kaimbidwe ka mayiyo ndizo zinamukumbutsa mmene iye mwini ankalankhulira ali mwana, pamodzi ndi zinthu zimene anazikwirira mumtima kalekale. Buku limene linatuluka mu 1953, Go Tell It on the Mountain, silinena za Paris n'komwe, koma za mnyamata wa zaka 14 mu tchalitchi cha ku Harlem ndi makolo ake ochokera kummwera kwa America. Buku lake lonena za chikondi cha amuna awiri ku Paris, Giovanni's Room, linatuluka mu 1956, patapita zaka 8 chifikireni mumzindawo, ndipo kampani imene inasindikiza buku loyamba lija inakana kulisindikiza. Buku lake lalikulu lonena za New York, Another Country, anakalimalizira ku Istanbul mu 1961.

Chimene ndikufuna muone m'ndondomeko imeneyi n'chakuti Baldwin nthawi zambiri ankalemba za malo amene wachokako, osati amene wangofikako. Mzinda watsopano unamupatsa mtunda wokwanira kuti ayang'ane kwawo popanda mkwiyo kumutseka maso, koma mzindawo unachedwa kwambiri kulowa m'mabuku ake. Choncho chaka chimodzi chopanda nkhani yomalizidwa sichindidetsa nkhawa. Chimene chingandidetse nkhawa ndi kudzikakamiza kulemba za madera a mu Johannesburg monga Hillbrow ndi Melville musanadziwe mmene anthu a kumeneko amanamizirana, amanyengererana ndi kupepesana, chifukwa nkhani yotero imangotchula mayina a misewu ndipo anthu ake onse amalankhula ngati mlembiyo.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa chitsanzo cha Baldwin chili ndi malire ake. Iye anali ndi pasipoti ya ku America, ndipo atafuna kubwerera kwawo mu 1957 kuti akaone kulimbana kwa anthu akuda kummwera kwa dzikolo, anangokwera sitima yapamadzi n'kupita. Inu muli pakati pa mayiko awiri amene lililonse limakupatsani theka la zimene mukufuna. Malamulo oyendetsera dziko la South Africa a 1996 amaletsa kusala munthu chifukwa cha amene amamukonda, ndipo kuyambira mu 2006 amuna awiri kapena akazi awiri amatha kukwatirana mwalamulo. Koma dziko lomwelo ndi limene mu Meyi 2008 linaona zipolowe zolimbana ndi anthu obwera, zimene zinayambira ku Alexandra, dera la mu Johannesburg, n'kupha anthu oposa 60. Munthu akhoza kutetezedwa ndi lamulo monga wokonda amuna anzake, n'kumasakidwa pamsewu monga Mmalawi, ndipo kutopa kumene kumabwera ndi mapepala a boma, lendi ndi ntchito za maganyu kumadya nthawi yolembera mofanana ndi mmene mantha ankaidyera ku Blantyre. Musadziimbe mlandu wa ulesi pa chinthu chimene gwero lake ndi maola ochepa a tulo.

Nanga mungabwezere bwanji khutu lija? Ku Joni kuli Amalawi ambiri, kuyambira masiku a Wenela ndi Theba mpaka lero, ndipo Chichewa ndi Chiyao zimamveka m'matchalitchi, m'mizikiti ndiponso pamalo amene matransipota amapakira katundu wopita kumudzi. Ndikudziwa kuti mwina malo amenewa mumawapewa, chifukwa galimoto yonyamula mabulangete ndi mafiriji imanyamulanso mbiri ya munthu, ndipo chimene chanenedwa lero ku Johannesburg mawa chamveka kale ku Machinjiri kudzera pa WhatsApp. Sindikukuuzani kuti mukadziulule kumeneko. Mungathe kukhala pansi n'kumvetsera monga munkachitira kale, kenako n'kukalemba mawu enieni amene mwamva tsiku lomwelo asanasungunuke. Mauthenga amawu amene amayi anu amakutumizirani musamawafufute, ndipo muziwamvetseranso pofuna kumva kalankhulidwe kawo, osati uthenga wokha. Mawailesi a ku Malawi amamveka pa intaneti, ndipo mapulogalamu amene anthu amaimba foni n'kumatsutsana ndi othandiza kuposa nkhani zowerengedwa.

Izi sizikutanthauza kuti Johannesburg muinyalanyaze. Akuluakulu amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo zimene zikukudabwitsani panopa, monga zizindikiro za manja zoimitsira taxi kapena mipanda yamagetsi pamwamba pa makoma, pakatha zaka zitatu simudzaziona n'komwe. Zilembeni m'kope lina lapadera popanda kuzikakamiza kuti zikhale nkhani. Pitaninso ku GALA, nkhokwe ya mbiri ya anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha, imene inakhazikitsidwa mu 1997 pa yunivesite ya Wits mu Johannesburg momwemo. Kumeneko kukusungidwa makalata amene Simon Nkoli, womenyera ufulu wa ku South Africa amenenso ankakonda amuna anzake, analemba ali m'ndende pa mlandu woukira boma la tsankho wa ku Delmas, ndipo Nkoli yemweyo anali mmodzi mwa anthu amene anakonza chionetsero choyamba cha Pride, choguba poyera pofuna ufulu wa anthu okondana amuna kapena akazi okhaokha, ku Johannesburg mu Okutobala 1990. Kuwerenga kalata ya munthu wakuda wa kuno ku Africa amene analemba za chikondi chake ndi ndale zake pa pepala limodzi kumachotsa maganizo akuti inu ndinu woyamba, amene ndi maganizo olemetsa dzanja.

Pali msampha umodzi umene ndikufuna muudziwe musanatumize zolemba zanu kwa akonzi. Ambiri a iwo, ngakhale a mtima wabwino, ali ndi nkhani imene amaiyembekezera kwa munthu wonga inu: dziko lankhanza, kuthawa usiku, kenako ufulu. Nkhani imeneyo ili ndi choonadi chake, koma ndi yopapatiza, ndipo mulibe malo a agogo amene ankadziwa zonse koma n'kumakusungirani chiwindi cha nkhuku, kapena a bwenzi lanu loyamba limene lero ndi dikoni wokwatira. Tikumbukire za Tiwonge Chimbalanga ndi Steven Monjeza, amene anamangidwa mu Disembala 2009 atachita chinkhoswe ku Blantyre, n'kulamulidwa kukhala m'ndende zaka 14 mu Meyi 2010, kenako n'kukhululukidwa ndi Pulezidenti Bingu wa Mutharika pamene Ban Ki-moon, amene panthawiyo anali mlembi wamkulu wa bungwe la United Nations, anabwera kudzacheza m'dzikomo. Tiwonge, amene amadzidziwa kuti ndi mkazi, pambuyo pake anakakhala ku Cape Town. Dziko lonse linamva nkhani yawo, koma linaimva makamaka kudzera kwa atolankhani, maloya ndi mabungwe, ndipo m'malingaliro anga chimene chikusowabe ndi nkhani zosimbidwa ndi anthu a m'katimo, m'kalankhulidwe ka kwathu, zokhala ndi nthabwala, nsanje ndi ngongole zosabweza, osati milandu yokhayokha.

N'chifukwa chake pa funso la chilankhulo ndikuti yambani kulemba m'chilankhulo chimene anthu a m'nkhani yanu amalankhula. Ngati mayi wa m'nkhaniyo akukalipira mwana wake m'Chichewa, lembani mkalipowo m'Chichewa, ndipo mukafuna kuti magazini a ku South Africa kapena ku London aisindikize, mudzaimasulira nokha pambuyo pake mafupa ake atakhwima. Owerenga Chingerezi ndi ambiri ndipo ndi amene amalipira, zimenezo sindikukana, koma mnyamata wa ku Mchinji amene akubisa makope ake lero adzakuwerengani pafoni, ndipo adzazindikira msanga ngati anthu anu akulankhula ngati anthu kapena ngati lipoti.

Chotsala ndi dzina. Gawo 153 la malamulo a milandu ku Malawi, limene limagwiritsidwa ntchito pozenga mlandu amuna ogonana okhaokha, likadalipo ndi chilango chake chofika zaka 14, ndipo mu Juni 2024 khoti loona za malamulo oyendetsera dziko linakana kulithetsa. Kulemba ndi dzina longopeka si manyazi, ndipo mungathe kudzasintha maganizo m'tsogolo, pamene dzina lenileni likangotuluka pa Facebook silibwezeka. Koma dzina lanu si lokhalo lofunika kuliteteza. Inu muli ku Johannesburg, koma anthu amene mudzawalembe akadali ku Blantyre, akugwira ntchito ndi kupemphera pakati pa anthu amene angawazindikire ndi kachinthu kakang'ono, monga chipsera cha pachibwano, mtundu wa njinga yamoto kapena kwaya imene amaimbamo. Sinthani dera, ntchito, mpingo ndi maonekedwe awo kufikira mlongo wawo weniweni atawerenga asawadziwe, ndipo nkhani imene singasinthike motero ikhale kaye m'kope mpaka mwini wake atavomera kuti ituluke.