Kwa achemwali amene mayi awo akuyamba kemo

Achemwali, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mayi apezeka ndi khansa ya m'mawere, akuyamba kemo, mankhwala amphamvu olimbana ndi khansa, sabata yamawa, ndipo abale akuti musawauze dzina la matendawo kuopa kuti angataye mtima. Ine ndinali gadiyani wa mayi anga pa matenda omwewa, ndiye ndikuyankhani zimene ndinaona ndi maso.

Auzeni. Mwaulemu, pang'onopang'ono, koma auzeni. Ifenso tinawabisira milungu itatu, tikumangoti ndi kachotupa chabe. Tsiku lina ndikuwasambitsa anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Iwe ndinakubereka ndine, nkhope yako ndimaidziwa." Anali atazindikira kale, ndipo ankavutika okha usiku poopa kutidandaulitsa. Titakambirana poyera m'pamene anayamba kugona tulo. Komanso munthu amene akudziwa chimene akulimbana nacho sathawa mankhwala akayamba kumusanzitsa. Ngati pakamwa pakulema, pemphani anamwino osamalira odwala matenda amgonagona akuthandizeni. Ku chipatala cha Queens ku Blantyre kuli a Tiyanjane, ku Salima kuli a Ndi Moyo. Musawaope poganiza kuti iwo ndi a anthu otsala pang'ono kutisiya. Amathandiza pa ululu, ngakhale ndi mofini wakumwa, ndipo nkhani zolemerazi amadziwa kuzikamba.

Kemo wa mayi anga ankabwera masiku 21 aliwonse. Masiku oyambirira akalandira kemo ndi a mseru ndi kufooka, koma amene muyenera kukhala nawo tcheru kwambiri ndi kuyambira la 7 mpaka la 14, pamene asilikali a m'thupi amatsika. Gulani kachipangizo koyezera kutentha kwa thupi ku famase. Kakawerenga 38, thamangani nawo kuchipatala ngakhale pakati pa usiku, osangowapatsa Panado n'kudikira kuti kuche. Odzazonda amene ali ndi chimfine aziwapatsa moni ali pakhonde. Ena adzakhumudwa, koma musagonje.

Pa chakudya musalimbane nawo. Mayi anga fungo la mafuta okazingira linkawatembenuza mtima, ndiye mbaula tinaitulutsa panja. Ndinkawapatsa phala la mgaiwa lothira nsinjiro, lozizira pang'ono, masupuni asanu, kenako pakapita ola ena asanu. M'kamwa mukatuluka zilonda azichukucha ndi madzi ofunda a mchere pang'ono. Tsitsi linayamba kuthothoka mlungu wachitatu. Ndinalipeza pa pilo m'mawa, ndinalibisa m'manja, iwo n'kundiona. Madzulo ake anandiuza kuti ndiwamete lonse, ndipo tinasankhira limodzi duku lofanana ndi chitenje chawo cha kutchalitchi. Linameranso mankhwala atatha.

Kudzabwera anthu ndi mabotolo a zitsamba, ena adzati awalodza, ena adzati asiye kemo azingopemphera. Ambiri amatero chifukwa cha chikondi, koma tsiku la kuchipatala lisaphonyedwe, ndipo chilichonse chakumwa muyambe mwafunsa adokotala. Ife mapemphero sitinasiye. Amayi a Mvano ankabwera kudzaimba pabwalo, mayi n'kumatsatira nyimbo ali chigonere.

Mwafunsanso kuti mungalimbe bwanji mtima. Ine ndinaleka kuwerenga miyezi, ndinkangoyang'ana ulendo wotsatira. Ndinali ndi kope momwe ndinkalemba mankhwala, mafunso ofunsa adokotala, ndi kanthu kamodzi kabwino ka tsikulo: lero amaliza kapu ya thobwa, lero ayenda mpaka pa mtengo wa mango. Masiku oipa ndinkatsegula masamba akumbuyo n'kuona kuti tinadutsapo kale pamenepa. Kulira ndinkalira, kuseri kwa bafa, ndipo nthawi zina tinkalira tonse awiri. Musasenze nokha. Achimwene anu atenge za thiransipoti, wina azigonera Loweruka kuti inu mupume.

Ndipo musaleke kuwafunsa nzeru monga kale. Mayi anga tsiku limene ankaoneka amphamvu kwambiri ndi limene ndinawabweretsera lichero la nyemba kuti andisankhire za mbewu. Anakhala tsonga pamphasa, n'kuyamba kundilangiza mzere woyamba kubzala mvula ikagwa.