Kodi ndigulitse ng'ombe kuti mwana akatsanzikane ndi anzake ku Paris?

FUNSO

Alangizi, ine ndine mayi wa ku Ngabu. Mwana wanga wamkazi, amene ali pa yunivesite kuno kwathu, adapita ku Glasgow, m'dziko la Scotland, mu Seputembala kukaphunzira teremu imodzi. Mayeso akutha pakati pa Disembala, koma wanditumizira uthenga pa WhatsApp woti akufuna kuchedwerako masabata awiri kuti apite ndi anzake ku Paris, m'dziko la France, pa ulendo wotsanzikana. Ndalama imene akupemphayo singapezeke pokhapokha titagulitsa ng'ombe imodzi mwa zitatu zimene malemu bambo ake adatisiyira. Amalume ake akuti mwanayu wayamba matama, koma ine mtima ukundipweteka kumukaniza, chifukwa mwina sadzapondakonso. Nditani?

Mayi wodandaula, Ngabu

YANKHO

Mayi, ng'ombeyo isiyeni m'khola, koma mawu oti matamawo musawafikitse kwa mwana, chifukwa chimene akufunacho n'chimene mudamuphunzitsa nokha, choti munthu sachoka pakhomo pamene wadya nsima osatsanzika. Vuto lagona pa malo amene wasankha.

Musanakambe za ndalama, mufunseni ngati ali nacho chilolezo cholowera ku France. Viza ya ku Britain, kumene kuli Scotland, imathera ku Britain komweko, pakuti dzikolo silili m'gulu la Schengen, la mayiko a ku Ulaya monga France amene munthu amalowamo ndi viza imodzi, ndipo munthu wa pasipoti ya Malawi amafunika viza ina, imene mtengo wake udakwera kufika mayuro 90 mu 2024, ndipo yankho lake limatenga masiku 15 kapena kuposerapo. Kawirikawiri amafunanso kuti munthu apemphe ali m'dziko limene amakhalitsa, osati kumene wangopita miyezi yochepa. Anzake a ku Ulaya angodzuka n'kukwera ndege, ndipo ndikukhulupirira kuti popangana za ulendowu palibe adakumbukira kuti mapasipoti awo ndi osiyana. Mufunseninso tsiku limene viza yake ikutha, popeza wophunzira wa teremu imodzi nthawi zambiri amalowa ndi chilolezo chosapitirira miyezi 6, ndipo kupyoza tsikulo kungamutsekere khomo akadzafuna kukachita maphunziro apamwamba m'tsogolo. Kusintha tikiti yobwerera kufupi ndi Khirisimasi nakonso kumadya ndalama yambiri.

Pali ulendo wina umene ine ndikadakonda kuti mwana wa m'chigwa cha Shire asaulephere, ndipo ng'ombe siferapo. Pa mtunda wa mphindi pafupifupi 20 pa sitima kuchokera pakati pa Glasgow pali tauni yotchedwa Blantyre, kumene David Livingstone adabadwira mu 1813, ndipo mzinda wathu wa Blantyre udatenga dzina kumeneko pamene amishoni adakhazikika mu 1876. Nyumba imene adabadwiramo ilipo mpaka lero ndipo anthu amalowa kukaona kachipinda kamodzi kamene banja lonse linkagonamo ndi kuphikiramo. Ali ndi zaka 10 adayamba ntchito m'fakitale yopota thonje pafupi pomwepo, thonje ngati lomwe inu mumatola ku Ngabu dzuwa likuswa mtengo. Mu 1859 munthu yemweyo adakwera mtsinje wa Shire pa sitima yapamadzi, nadutsa madera a Nsanje ndi Chikwawa mpaka mathithi a Kapichira adamutsekera njira. Mwana wanu akatengera anzakewo kumeneko, iyeyo ndiye adzakhale wofotokoza, osati wongotsatira pambuyo akuwerengera tindalama ta m'thumba. Angonyamuka m'mamawa, chifukwa mu Disembala dzuwa limalowa isanakwane 4 koloko masana, ndipo kuzizira kwake munthu wokulira m'kutentha kwa Ngabu sakuzolowera m'miyezi itatu.

Kutsanzika kwenikweni sikufuna ndege. Akuluakulu adati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsogola, choncho sabata yomalizayo apite yekha kwa mphunzitsi amene ankamuyang'anira, amuthokoze pamaso, ndipo apemphe kalata yomuchitira umboni akadali kukumbukiridwa nkhope. Akatsanzikenso kutchalitchi kumene ankapemphera ndi kwa Amalawi amene adamulandira. Ngati m'chikwama mudatsala ufa kapena chitenje chimene mudamupatsa ku Chileka, aphikire anzakewo nsima, awaonetse kutema mbamu ndi dzanja, chitenjecho n'kusiyira amene adagona naye nyumba imodzi. Asachoke asanabweze mabuku a ku laibulale ndi makiyi a chipinda, komanso asanafunse mmene zotsatira za mayeso zidzafikire ku yunivesite yake kuno, chifukwa teremu yonseyo ingapite pachabe pepala limenelo likasowa.

Pomuyankha musayambe ndi kukana. Muimbireni foni, mumufunse za viza ija, ndipo mwina adzaona yekha kuti za ku Paris sizitheka ulendo uno. Ngati mungathe, gulitsani mbuzi imodzi kuti apeze ya sitima ndi ya ndiwo za tsiku lotsanzikanalo. Amalume akewo apempheni adzamuchingamire ku Chileka, chifukwa kutsika Thabwa ndi masutikesi pa minibasi nyengo ya mvula kumafuna munthu wothandiza kunyamula.